Galu wanu akachoka ku opaleshoni ya msana: mmene mungamusamalire pakhomo

Tsiku lokamutenga kuchipatala cha ziweto musadzadzidzimuke ndi mmene adzaonekere. Pamsana adzakhala atamumeta bwalo lalikulu, pakati pa bwalolo pali mzere wa ulusi, ndipo mwina miyendo yakumbuyo idzangoti lende ngati si yake. Akangomva mawu anu adzayamba kulira, n'kumadzikoka ndi miyendo yakutsogolo kuti akufikeni. Mtima udzakuuzani kuti mumunyamule, mumufungatire, mukamugoneke pabedi panu. Mtima umenewo ndi umene mudzalimbane nawo kwa masabata 6 otsatira, chifukwa zambiri zimene chifundo chimafuna kuchitira galu wodwala msana ndi zomwe zimamubwezera m'mbuyo.

Ndiyambe ndi zimene adokotala achita, popeza mukazimvetsa, malamulo enawa sadzaoneka ankhanza. Msana wa galu ndi mndandanda wa timafupa: 7 m'khosi, 13 pamene pali nthiti, 7 chakuchiuno, ndi 3 togwirana pamodzi musanafike kumchira. Pakati pa timafupati pali timitsamiro totchedwa madisiki, tolimba kunja, tofewa mkati. Pamwamba pa madisikiwo pamadutsa mtsempha waukulu umene umanyamula uthenga pakati pa ubongo ndi miyendo, chikhodzodzo komanso mchira. Disiki ikaphulika, zamkati mwake zimalowa m'ngalande ya mtsemphawo n'kuupanikiza, ndipo kawirikawiri zimenezi zimachitika chapomwe nthiti zimathera. Agalu amiyendo yaifupi monga dachshund, French bulldog, beagle, Pekingese, Shih Tzu ndi basset hound ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa madisiki awo amayamba kuuma agaluwo adakali aang'ono. Agalu akuluakulu ngati German shepherd nthawi zambiri disiki yawo imafufuma pang'onopang'ono akamakalamba.

Pa opaleshoni yofala, yotchedwa hemilaminectomy, adokotala amaboola kawindo m'mbali mwa fupa n'kuchotsa zonse zimene zikutsamira mtsempha. Vuto likakhala m'khosi amalowera chakummero. Koma mtsempha weniweniwo sausoka ndipo saukonza. Angouchotsera katundu basi. Kupola umapola wokha, pang'onopang'ono. Nayo disiki yong'ambikayo imafuna masabata kuti chibowo chake chitsekeke ndi chipsera. Chibowocho chisanatsekeke, kudumpha kamodzi kokha kungathe kufinyira zotsalira zina pamtsempha womwewo.

Musanachoke kuchipatala

Musathamangire kunyamuka. Funsani kaye ngati galuyo akumva kuwawa kumapazi akumbuyo. Adokotala amayesa zimenezi potsina chala mwamphamvu n'kuona ngati galu atembenuke kapena kulira. Kungokoka mwendo sikutanthauza kuti wamva, chifukwa mwendo umatha kudzikoka wokha uthenga usanafike ku ubongo. Yankho la funso limeneli ndilo limakuuzani ulendo umene muli nawo. Mwa agalu amene amapita ku opaleshoni akumvabe kuwawa, pafupifupi 9 mwa 10 alionse amadzayendanso. Mwa amene sankamva chilichonse, ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Kuyesaku n'kwa adokotala, musamakamutsine nokha kunyumba.

Funsaninso ngati akukodza yekha. Ngati sakukodza, musatuluke m'chipindamo mpaka akuphunzitseni kufinya chikhodzodzo, manja anu ali pamimba pa galuyo, iwo akukuyang'anirani. Kuonerera kokha sikukwana. Apempheni akulembereni mankhwala onse ndi nthawi zake, tsiku lodzachotsa ulusi, ndi nambala imene mungaimbe usiku. Ngati opaleshoni inali ya fupa lothyoka ndipo aikamo zitsulo, nthawi yopuma ingatalike kuposa imene ndikunena pano. Mverani iwo amene aona mkati mwa msanawo.

M'galimoto akhale m'bokosi loyendera kapena pamalo osalala, wina atamugwira, osati pampando pamene angagubuduke pokhota.

Kanyamulidwe ndi malo ogona

Dzanja limodzi lipite pansi pa chifuwa, lina pansi pa chiuno ndi ntchafu, mumukwezere pathupi panu msana uli wowongoka ngati thabwa. Musamunyamule m'khwapa ngati mwana, miyendo yakumbuyo ikulendewera. Galu wamkulu munyamulirane awiri, kapena mumugoneke pabulangete lolimba n'kugwira m'makona.

Khola likhale lokonzeka asanafike. Kukula kwake ndi koti agone atatambasuka, atembenuke, aimirire, ndipo mutsale malo a mbale ya madzi. Likapitirira pamenepo ndiye kuti lasanduka bwalo lothamangiramo. Chipinda chotseka chitseko si khola, pokhapokha galuyo akhale wamkulu kwambiri ndipo chipindacho n'chaching'ono, chopanda mpando kapena bedi lokwerapo. Khola lotsegula pamwamba ndi labwino kwa galu amene sangayese kukwera, chifukwa mumamutulutsa mosamukoka.

Pansi yalani siponji yokhuthala kapena kamatiresi, pamwamba pake pulasitiki kapena nsalu yosalowa madzi, kenako zofunda zoyamwa mkodzo. Mukhale ndi zofunda zosinthira zambiri, chifukwa mudzachapa kuposa mmene mukuganizira. Kholalo liikeni pamene anthu amakhala, kuti azikuonani ndi kumva mawu anu, koma kutali ndi khomo lolowera alendo ndi zenera limene amaonerapo zodutsa. Agalu ena ndi ana asasewere naye. Ana auzeni bwinobwino chifukwa chake, apo ayi adzamutsegulira mwachifundo inu mutatembenuka.

M'kholamo azikhalamo usana ndi usiku kwa masabata 4 mpaka 6, kapena kupitirira ngati adokotala atero. Atuluke pokhapokha pokakodza, pochita chimbudzi ndi pa mafizo.

Chikhodzodzo

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo nanenso ndinalakwitsa pomwepa.

Kagalu kanga ka mtundu wa dachshund katabwera kuchokera ku opaleshoni, tsiku lachiwiri m'mawa ndinapeza zofunda zitanyowa. Ndinasangalala, n'kuganiza kuti kayamba kukodza kokha, ndipo ndinachepetsa kufinya. Pomwe ndinkabwerera nako kuchipatala, adokotala anaika dzanja langa pamimba pake: chikhodzodzo chinali chitauma gwa, chachikulu ngati lalanje, m'kathupi kakang'ono kotero. Mkodzo umene ndinkauona unali wongosefukira, monga madzi amatayikira m'kapu yodzaza. Mkati munali mutayamba kale matenda. Mpaka lero zimandiwawa kuti kanagona masiku amenewo ndi chikhodzodzo chotere ine ndikuyamika kuti zikuyenda.

Ndiye zofunda zonyowa si umboni. Umboni wakuti galu akukodza yekha ndi wakuti mukamutengera panja anunkhize pansi, akonzeke, atulutse mkodzo wamphamvu mwa kufuna kwake, ndipo mukakhudza mimba pambuyo pake chikhodzodzo chikhale chitaphwa. Chikhodzodzo chikakhala chodzaza mopitirira kwa nthawi yaitali, mnofu wake umatamuka n'kulephera kubwerera mwakale, ndipo mkodzo wokhalitsa umaswa tizilombo timene tingakwere mpaka ku impso.

Muzifinya katatu kapena kanayi patsiku, pakatha maola 6 mpaka 8, kuphatikizapo m'mawa mukangodzuka ndi usiku musanagone. Yambani mwa kumutengera pa udzu kapena pamalo amene anazolowera, mumupatse mphindi ziwiri kuti ayese yekha. Akalephera, muimikeni mutamuchirikiza, kapena mumugoneke chammbali. Ikani manja anu, zala zitatambasuka, mbali zonse ziwiri za mimba kuseri kwa nthiti zomalizira, n'kumatsetsereka pang'onopang'ono cha kuntchafu mpaka mumve kanthu kozungulira, koterera, kokhala ngati baluni yothira madzi. Kakakuthawani m'manja, kafunafuneninso modekha. Nthawi zina kamabisala mmwamba pafupi ndi chiuno. Mukakagwira, panikizani mofatsa koma mosalekeza, manja akukumana ndiponso akukankhira cha kumchira. Musamachite kufinya n'kusiya, kufinya n'kusiya, ndipo musabaye ndi nsonga za zala. Pangathe kupita masekondi angapo mkodzo usanayambe, makamaka galu akalimbitsa mimba. Dikirani apume, mimba ifewe. Mkodzo ukaleka, siyani kwa mphindi imodzi, chikhodzodzocho chidzisonkhanitsenso, mubwereze mpaka muzimva ngati kathumba kopanda kanthu. Kagalu kakang'ono dzanja limodzi limakwana.

Agalu aamuna amavutirapo kuposa aakazi chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yaitali ndi yopapatiza. Ngati mukupanikiza koma sukutuluka, musawonjezere mphamvu. Pali mankhwala, monga prazosin, amene adokotala amapereka kuti njirayo imasuke, ndipo nthawi zina amaika kapaipi. Akatha maola 12 osatulutsa mkodzo, imbani foni, ngakhale pakati pa usiku.

Mkodzowo muziuyang'ana ndi kuununkhiza. Ukada, ukachita mbuu, ukakhala ndi magazi kapena fungo loipa kuposa kale, pitani nawo akaupime. Galu wofa dzanzi kumbuyo sasonyeza kuwawa kwa matenda a m'chikhodzodzo, choncho maso ndi mphuno yanu ndizo zidzawagwire. Ndipo musamuchepetsere madzi akumwa pofuna kuti asanyowetse zofunda. Madzi ndiwo amatsuka chikhodzodzo.

Chotonthoza n'chakuti kwa agalu ambiri mphamvu yokodza imabwerera pa nthawi yomwe miyendo yayamba kusuntha mwa kufuna kwawo. Ngakhale itabwerera, pitirizani kukhudza mimba akamaliza kukodza kwa masiku angapo, chifukwa poyamba satha kutulutsa wonse.

Mankhwala

Lembani papepala dzina la mankhwala alionse ndi ola lake, mulimate pakhola, ndipo aliyense wopereka azichonga. M'nyumba ya anthu ambiri n'chapafupi kuti galu amwe kawiri kapena asamwe n'komwe, aliyense akuganiza kuti mnzake wapereka.

Kawirikawiri amapatsidwa gabapentin wochepetsa ululu wa m'mitsempha, amene amagonetsa ndi kudzandiritsa pang'ono, pamodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa monga meloxicam kapena carprofen. Mwa awiri omalizawa, amene walemberedwa mumupatse atadya. Akayamba kusanza, kutsekula m'mimba, kukana chakudya kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, asiyeni ndipo imbani foni, chifukwa zingakhale zilonda za m'mimba. Meloxicam kapena carprofen sayenda limodzi ndi prednisolone, mankhwala a mtundu wina ochepetsa kutupa. Kuwaphatikiza kungaboole chifu kapena matumbo. Ngati galu wanu ankamwa prednisolone asanapite ku opaleshoni, onetsetsani kuti amene akulemba mankhwala atsopano akudziwa. Amene ali pa prednisolone amamwa madzi ambiri ndi kukodza kwambiri, ndiye kufinya kuchuluke, ndipo mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi.

Mankhwala a anthu musamupatse. Ibuprofen, diclofenac ndi naproxen amawononga chifu ndi impso za galu. Paracetamol naye asamwe pokhapokha adokotala atamulembera ndi mlingo wake. Gabapentin wamadzi wopangira anthu nthawi zina amakhala ndi xylitol, chotsekemeretsa chimene chili poizoni kwa agalu.

Galu sanena kuti zikuwawa, ndipo ambiri salira n'komwe. Muzione pa kunjenjemera, kupuma wefuwefu atangogona, mimba yolimba, msana wokhota ngati uta, mutu wozolika, kukana chakudya, kapena kufuna kuluma mukamamunyamula. Mukaona zotere musawonjezere mlingo nokha, auzeni adokotala.

Bala

Liyang'aneni m'mawa ndi madzulo pamalo owala. Kufiira pang'ono ndi katupidwe kochepa m'masiku oyamba si vuto. Nthawi zina pansi pa khungu pamasonkhana madzi, pamakhala chotupa chofewa chosawawa. Chimenechi nthawi zambiri chimaphwa chokha galu akamapuma, koma chioneke kwa adokotala ndipo musachiboole. Mafinya, fungo, kutentha, kufiira komafalikira kapena ulusi womasuka ndi zoimbira foni tsiku lomwelo. Thupi la galu wathanzi limatentha pakati pa madigiri 38 ndi 39.2, likapitirira 39.5 pali chimene chikuchitika.

Adokotala akavomereza, m'masiku atatu oyamba mungaike ayezi wokulunga m'kathaulo pambali pa bala kwa mphindi 10, kangapo patsiku. Botolo la madzi otentha musaliyandikize pamene pali dzanzi. Galu amapsa osadziwa. Balalo lisanyowe, musalipake chilichonse chimene simunauzidwe, ndipo asasambe mpaka ulusi utachotsedwa, zimene zimachitika pakatha masiku 10 mpaka 14. Ngati akufikira balalo ndi lilime, avale chikolala chachikulu chapulasitiki chomutchinga kunyambita ngakhale adane nacho.

Khungu

Galu amene sangathe kudzitembenuza muzimutembenuza pakatha maola 4 mpaka 6. Pomutembenuzapo yendetsani dzanja pamene mafupa ali pafupi ndi khungu: m'chiuno, m'zigongono, m'akakolo. Pakayamba kufiira kapena kuthothoka ubweya, wonjezerani zofewa pansi ndipo muzimusintha pafupipafupi, chifukwa chilonda cha pogonera chimayamba msanga koma chimachedwa kupola. Masana ndi bwino agoneko chafufumimba, chifuwa chili pansi, mutamutsamiritsa ndi mathaulo opindapinda, kuti mapapo onse awiri azipuma bwino.

Mkodzo umawotcha khungu. Akanyowa mupukuteni ndi kansalu ka madzi ofunda, muumitse bwinobwino, ndipo pakati pa ntchafu ndi pamimba mupake mafuta ngati Vaseline pang'ono. Mafuta opaka makanda okhala ndi zinc oxide apeweni, chifukwa akawanyambita amamudwalitsa. Ubweya wautali wa kumbuyo umetedwe. Thewera limathandiza, koma lokhalitsa pathupi litanyowa limaipa kuposa kusavala.

China choti mukhale nacho tcheru: mitsempha ikamadzuka, mapazi amachita nyerenyesi, ndipo agalu ena amayamba kudzitafuna zala kapena mchira mpaka magazi, osamva kuwawa. Mukangoona akunyambita phazi mosalekeza, muvekeni chikolala n'kuimba foni.

Chakudya ndi chimbudzi

Chakudya chikhale chomwe anazolowera, koma muchepetseko pang'ono poti sakuyenda, ndipo tokamwa tapambali tisachuluke. Mbale zikhale pamene angafikire osadzikoka. Angathe kukhala masiku atatu kapena anayi asanachite chimbudzi atachoka ku opaleshoni, chifukwa cha mankhwala ndi kusadya. Akapitirira masiku asanu, kapena akamadzikakamiza osatulutsa kanthu, funsani. Chimbudzi chimatuluka chokha ngakhale kwa galu wofa ziwalo, kungoti sadziwa nthawi yake. Musamukalipire. Kumudyetsa pa maola omwewo tsiku lililonse kumathandiza kuti mudziwe nthawi yoyembekezera.

Kutuluka panja ndi mafizo

Munyamuleni mpaka pamalo okodzera, asatsike yekha ngakhale sitepe imodzi. Chingwe chimangidwe ku lamba wa pachifuwa, osati kukolala ya m'khosi, makamaka ngati opaleshoni inali ya khosi. Pansi pa mimba, kutsogolo kwa miyendo yakumbuyo, pisani thaulo lopinda m'litali, mugwire nsonga zake ziwiri pamwamba. Kwa galu wamwamuna onetsetsani kuti thaulolo silikutseka pokodzera. Kwezani kungofikira pamene msana wawongoka ndipo mapazi akugunda pansi. Ambiri amakweza kwambiri, galu n'kumathamanga ndi miyendo yakutsogolo ngati wilibala, ndipo akatero miyendo yakumbuyo siphunzira kanthu. Yendani pang'onopang'ono, pang'onopang'ono zedi, kuti mwendo uliwonse upeze mpata woyesa. Mphindi 5 zakwana, katatu kapena kanayi patsiku.

Phazi likapindika n'kumaponda ndi kumsana kwake, liwongoleni nthawi iliyonse. Pasimenti yokhakhala zala zimanyuka, ndiye sankhani udzu kapena mumuveke timasokosi tokhala ndi mphira. M'nyumba, paliponse poterera pamene angapondepo yalani kapeti.

Mafizo ayambe adokotala akalola, ndipo nthawi zambiri amalola m'masiku oyambirira. Mugonekeni chammbali pofewa. Yambani ndi kusisita ntchafu ndi miyendo kwa mphindi zingapo, kuchokera kuphazi kukwera mmwamba. Kenako gwirani mwendo ndi manja awiri, mupinde ndi kuwongola mfundo iliyonse mofatsa, kakolo, bondo, chiuno, ka 10 mpaka ka 15, kenako muuzungulitse ngati akupalasa njinga. Mwendo ukalimba musaukakamize; dikirani ufewe. Mutembenuzeni muchite mbali inayo. Kawiri kapena katatu patsiku. Izi sizipoletsa mtsempha, koma zimasunga mfundo kuti zisaume ndi minofu kuti isafote, kuti uthenga ukadzayamba kufika upeze miyendo yokonzeka.

Chimene ine ndinachiona chothandiza kwambiri ndi kumuimika. Muikeni pamalo osaterera, mapazi onse anayi ataponda bwino, manja anu ali m'chiuno mwake, ndipo muchepetse kugwira pang'onopang'ono mpaka miyendo isenze kulemera kwina. Poyamba adzakhala pansi pakangotha sekondi imodzi kapena ziwiri. Mukwezeninso. Tsiku lina mudzamva m'zikhatho zanu ntchafu zikulimba, zikukankha pansi zokha, musanaone chilichonse ndi maso. Kagalu kanga ndinakamva chonchi kali kudya, kataimirira pambale, manja anga ali m'chiuno mwake. Ndinachotsa manja n'kuwerenga mpaka 4 kasanagwe. Kumuimika pa nthawi ya chakudya kumathandiza chifukwa maganizo ake amakhala pambale. Mungamugirigishenso pakati pa zala kuti akoke mwendo, ndi kupukuta mapazi ake ndi kaburashi kofewa.

Kusambira ndi kuyenda m'madzi kumabwera pambuyo, bala litapola ndipo adokotala atavomereza, munthu atamugwira nthawi yonse.

Zinthu zimabwerera mwa dongosolo lake: kumva kuwawa, kenako kusuntha miyendo ndi kugwedeza mchira akakuonani, kukodza, kuima, masitepe odzandira ngati woledzera, ndipo pomalizira penipeni kuponda bwino osapinda phazi. Amene anapita ku opaleshoni akumva mapazi ambiri amayamba kuyenda m'masabata awiri mpaka anayi. Amene sankamva angatenge miyezi itatu kapena kuposa. Mujambuleni kavidiyo kamodzi pasabata pamalo omwewo. Kusintha kwa tsiku ndi tsiku sikuoneka ndi maso a munthu wotopa.

Zoti musadikire nazo m'mawa

Ngati zimene anali atayamba kuchita zabwerera m'mbuyo, mwachitsanzo dzulo ankaima lero sakutha, kapena ululu wakula mwadzidzidzi, pitani naye nthawi yomweyo. Chimodzimodzi akamasanza mosalekeza, usinini ukayera, kapena akamapuma movutikira.

Pali vuto limodzi loopsa limene ndiyenera kulitchula ngakhale ndi lowawa kumva. Mwa agalu amene anafika posamva kuwawa kumapazi, ena ochepa, pafupifupi mmodzi mwa 10 kapena kupitirirako pang'ono, mtsempha wawo umayamba kufa n'kumafewa kukwera chakumutu. Adokotala amati myelomalacia. Zimaoneka m'masiku oyambirira, kawirikawiri sabata yoyamba: galu amafooka, thupi limatentha, amamva ululu waukulu, mimba imalefuka, miyendo yakutsogolo imayamba kufooka, kenako kupuma kumavuta. Palibe mankhwala ake, ndipo sizibwera chifukwa choti mwalakwitsa kusamala. Zikatero, chimene mungamuchitire ndi kufika naye msanga kwa adokotala kuti asavutike nthawi yaitali.

Sabata yachitatu

Masiku oyamba ndi otopetsa, koma oopsa ndi a sabata yachitatu. Ulusi wachoka, ubweya wayamba kumera, ululu watha, galu akuima, akukanda chitseko cha khola, akukuyang'anani ndi maso aja. Aliyense m'nyumba adzayamba kunena kuti wachira, mukumuzunza. Sanachire. Mankhwala ndi opaleshoni zachotsa ululu umene unkamuletsa kudumpha, koma disiki ija sinatsekeke. Galu amene amabwerera kuchipatala atafanso miyendo nthawi zina ndi uja anamutulutsa "kamphindi kokha", wina n'kugogoda pakhomo, iye n'kudumpha pasofa.

Njira yake si kutsegula khola koma kumuchotsa kunyong'onyeka ali momwemo. Khalani pansi pambali pake madzulo, dzanja lili mkati. Gawo la chakudya chake liikeni m'chidole champhira chobowoka kuti azinyambita pang'onopang'ono, kapena mulibise m'thaulo lopinda kuti azifunafuna ndi mphuno. Kununkhiza kumatopetsa galu kuposa mmene ambiri amaganizira. Zidole zokokerana ndi zopukusa mutu zisalowemo. Kholalo mungalisunthire panja pamthunzi inu muli pomwepo. Ngati mukufuna kukhala naye kunja kwa khola, khalani naye pansi, chingwe chili m'dzanja, osati pabedi kapena pasofa. Galu amene akudziguguda m'khola mosatonthozeka akudzivulaza. Auzeni adokotala, alipo mankhwala omukhazika mtima pansi monga trazodone.

Nanunso mupeze wokuthandizani. Phunzitsani munthu wachiwiri kufinya chikhodzodzo ndi kunyamula, kuti tsiku limene mwadwala kapena mwachedwa kuntchito galu asadikire maola 14.

Masabata opuma akatha

Pitani naye akamuonenso musanasinthe chilichonse. Akalola, ufulu ubwere pang'onopang'ono: chipinda chimodzi choyamba inu mulipo, kuyenda pachingwe mphindi 5 pamalo athyathyathya, n'kumawonjezera mphindi 5 sabata iliyonse ngati sakutopa kapena kudzandira kuposa kale. Kuthamanga momasuka ndi kusewera ndi agalu ena kudikire mwezi wina kapena iwiri.

Ngati miyezi yapita ndipo miyendo sinabwerere, si mapeto a galuyo. Ambiri amakhala zaka ali osangalala pa kangolo ka mawilo awiri konyamula miyendo yakumbuyo, bola kayezedwe molingana ndi thupi lake, asakhalemo tsiku lonse chifukwa sangagone ali mmenemo, ndipo chikhodzodzo chizifinyidwa mokhulupirika moyo wake wonse. Kangoloko musafulumire kukagula m'masabata oyamba. Funsani adokotala nthawi yoyenera.

Kwa amene wayenda, kumbukirani kuti opaleshoni yakonza disiki imodzi, koma ena onse ndi omwe aja anabadwa nawo. Asanenepe: nthiti zizimveka mosavuta mukasisita, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka. Aziyenda tsiku lililonse kuti minofu ya msana ikhale yolimba. Kudumpha kuchokera pabedi ndi pasofa kuthe. Ikani thabwa lotsetsereka lokutidwa ndi kapeti, mumuphunzitse kuligwiritsa ntchito, kapena mutseke zipindazo. Lamba wa pachifuwa akhale wa nthawi zonse.

Tsiku lina mukadzamuona akuyenda msana utakhota, akunjenjemera, akukana kukwera pamene amakwera, kapena phazi limodzi likukhwekhwereza pansi, mubwezereni m'khola nthawi yomweyo ndipo muimbe foni tsiku lomwelo, chifukwa pa matenda a disiki maola amawerengedwa. Kholalo musapatse munthu. Lipindeni, mulisunge pamodzi ndi thaulo lija pamalo amene mungalipeze ngakhale mumdima.